Kukonzekera za antchito pa bizinesi yanu kuno ku Mulanje ndi Thyolo, poti masiku ano anthu sakudikiranso pageti

Anzanga amabizinesi, makamaka inu a malo odyera, malo ogona alendo, mashopu a feteleza ndi mbewu, zigayo, komanso inu muli ndi timinda ta tiyi, ndati ndilembeko izi chifukwa dandaulo lomwe ndikumva paliponse ndi limodzi, akuti achinyamata a masiku ano sakhalitsa pantchito, umulemba lero mwezi wamawa wapita osatsanzika. Ine ndili ndi malo odyera ndi zipinda zingapo zogona cha ku Chitakale kuno, komanso ndimayang'anira munda wa tiyi wa mayi anga poti iwo miyendo inayamba kuvuta, nde nkhani ya antchito ndimayiona mbali zonse ziwiri. Zoti anthu akuchoka ndi zoona. Koma zoti ndi aulesi ine ndimakana, chomwe chasintha ndi choti pano ali ndi kwina kopita, pomwe ife olemba ntchito tikadali ndi maganizo akale oti ukangotuluka panja mmawa upeza anthu khumi atakhala pansi pa mtengo kudikira ganyu.

Tangoganizani mnyamata wa zaka 22 wa ku Chisitu kapena ku Luchenza. Akhoza kutenga njinga yamoto ya munthu nkumayendetsa kabaza, madzulo wapereka ya bwana yotsala ndi yake, ndalama mmanja tsiku lomwelo. Akhoza kukhala pa kabenchi ndi ambulela nkumapanga za Airtel Money ndi Mpamba. Akhoza kuoloka pa Muloza kukapikula katundu ku Milange. Mchimwene wake ali ku Joni akumutumizira zithunzi pa WhatsApp, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2023 ena tinawaona akukwera ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Ndiye inu mukamuuza kuti malipiro tikambirana mwezi ukatha, iyeyo mumtima wawerengera kale. Komanso paja ndalama inagwa kawiri motsatizana, ndi 25 peresenti mu May 2022 kenako 44 peresenti mu November 2023, moti salale yomwe munthu ankagulira thumba la chimanga nkutsalako ya sopo pano siifika olo pakati pa mwezi. Munthu akachoka pa zifukwa ngati zimenezi si mwano ayi.

Nde choyamba chomwe ndimauza aliyense, musanaganize zolemba munthu, tengani kope ndi cholembera mujambule chaka chonse, January mpaka December, mwezi uliwonse mulembe zinthu ziwiri: ntchito pa bizinesi yanu imachuluka bwanji, ndipo anthu a m'dera lanu amakhala ali kuti. Chachiwirichi ndi chomwe ambiri timaiwala. Kuno kwathu kalendala ya antchito imayendera tiyi. Mvula ikangoyamba cha mu November December tiyi amaphuka mwamphamvu mpaka cha mu April, ndipo maesiteti onse, kaya ku Lujeri, kaya a Eastern Produce, kaya ku Satemwa, Makandi, Conforzi, Naming'omba, amalemba anthu a sizoni ambirimbiri nthawi imodzi. Nthawi yomweyonso aliyense akufuna adzale, apalire ndi kubandira munda wake wa chimanga, zinanazi nazo zapsa anthu ali pamsewu kugulitsa. Ndiye ngati inu ntchito yanu imachulukanso mu December, dziwani kuti mukulimbirana anthu ndi esiteti yomwe imalipira pa nthawi yake, ili ndi mgwirizano wa malipiro pakati pa Tea Association of Malawi ndi bungwe la antchito la PAWU kuyambira 2016, ndipo malo ambiri amaperekanso chakudya chamasana. Simungayambe kusaka anthu pa 10 December nkumayembekezera kupeza abwino.

Ine kalendala yanga ili ndi nsonga ziwiri zosiyana. Kumunda kwa mayi moto umayaka nthawi yamvula. Kumalo ogona alendo ntchito imachuluka nthawi yachilimwe, kuyambira cha mu May mpaka October pomwe anthu akubwera kudzakwera phiri kudzera ku Likhubula, mu July kuli mpikisano wothamanga paphiri wa Porters Race, mu October kuli Mulhako wa Alhomwe pa Chonde zipinda zimadzadza mpaka ena kugona mgalimoto. Panonso poti mu 2025 a UNESCO analiika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ife ogoneka alendo tikuyenera kukhala tcheru. Nditaziika papepala ndi pomwe ndinaona kuti amayi awiri omwe amatithyolera tiyi December mpaka April amakhala alibe chochita chenicheni mu June ndi July nthawi ya chiperoni tiyi atagona, pomwe ine nthawi yomweyo ndikusowa wochapa zofunda ndi wothandiza kukhitchini. Pano amagwira konsekonse, chaka chonse ali ndi kolowera, ndipo sindinawasakenso. Mwina inu muli ndi chigayo ndipo mnzanu amagula nandolo mu August ndi September, kambiranani, munthu mmodzi wokhulupirika mutha kumagawana mmalo moti aliyense azimutaya pakatha miyezi itatu.

Mukatha kalendala, gawani ntchito zanu pawiri. Pali ntchito zoti munthu akachoka bizinesi imaima, ndipo pali zoti wina aliyense utamuonetsa masiku awiri azigwira. Kwa ine kuki ndi wosunga ndalama ali mgulu loyamba. Kwa inu a chigayo ndi uja amadziwa kusula ndi kumanga lamba, kwa a shopu ya mbewu ndi uja amadziwa kulangiza mlimi mankhwala oyenera a mbozi osangomugulitsa botolo lililonse. Anthu amenewa alembeni ntchito yokhazikika, alipireni bwinoko kuposa mmene mtima ukufunira, ndipo aliyense akhale ndi wachiwiri wake yemwe akuphunzira. Izi ndinaziphunzira mowawa. Tsiku lina Loweruka mu October ndinali ndi gulu la alendo oposa makumi awiri ochokera ku Blantyre, nkhuku zososola kale zili mu beseni, mpunga wosankha, makala ali mmbaula, 6 koloko yakwana kuki kulibe. Foni yozima. Ndinadzamva masana kuti wakwera basi usiku wa ku Joni, ndipo anzake onse ankadziwa kwa milungu iwiri kupatula ine. Tsiku limenelo anatipulumutsa ndi mtsikana yemwe ankangotsuka mbale, anali akuonera mmene kuki amakazingira nkhuku ndi kuthira zokometsera kwa chaka chathunthu popanda womufunsa ngati amatha. Pano kuki wamkulu ndi iyeyo. Kuyambira pamenepo Lachitatu lililonse, tsiku lomwe ntchito imakhala yochepa, wachiwiri ndi amene amagwira ntchito ya wamkulu, wamkuluyo amangoyang'anira.

Za a sizoni, musamawatenge ngati anthu ongodutsa. Khalani ndi tsamba m'kope lomwe muli maina awo, mudzi, nambala ya foni ndi mmene anagwirira chaka chatha. Mu October aimbireni kapena pitani komweko, muwauze tsiku loyamba ndi mtengo, amene wavomera mulembeni. Kuti mudziwe chiwerengero cha anthu omwe mukufunika, werengerani kuchokera ku ntchito osati ku mphekesera. Kumunda wa tiyi mwachitsanzo, nthawi yamvula umayenera kubwerera pa mzere womwewo pakangotha sabata kapena masiku khumi, ukachedwa masamba amakhwima ndipo pa sikelo amakubwezera kapena kukusankhitsa pompo galimoto ya fakitale ikudikira. Ndiye onani makilo omwe munda unatulutsa pa raundi imodzi chaka chatha, mugawe ndi makilo omwe munthu mmodzi amathyola pa tsiku osathamangitsidwa, masamba awiri ndi kansonga osati kungokolopa, mupeza masiku a ntchito, kenako mugawe ndi masiku omwe muli nawo. Pa chiwerengero chomwe chatulukacho onjezani munthu mmodzi, chifukwa January ndi mwezi wa malungo ndi maliro, wina adzajomba basi. Alimi a m'magulu ngati Sukambizi kapena Msuwadzi muli ndi mwayi woti mumakumana kale, nkhani ya othyola muziikambanso pamisonkhano yanu mmalo molandana anthu mwakachetechete.

Tsopano kapezedwe ka anthu. Kale unkangouza mlonda kapena kapitawo kuti ndipezere munthu, iye nkubweretsa mlamu wake. Njirayi siinathe ntchito koma ili ndi vuto lake, tsiku lomwe mudzakangane ndi mmodzi onse atatu amakwiya limodzi. Pano anthu ambiri akumva za ntchito pa magulu a WhatsApp ndi pa Facebook, nde lembani uthenga waufupi koma wokwana: ntchito yake ndi yanji, malo ake, maola, malipiro kapena poyambira pake, ndi tsiku lomaliza. Malipiro alembeni ndithu, musachite manyazi, mukabisa abwino amangodutsa poganiza kuti ndi zochepa. Ndipo mulembe poyera kuti palibe kulipira kalikonse kuti munthu alembedwe, chifukwa akuba achuluka omwe akumatenga dzina la bizinesi ya munthu nkumauza ana kuti tumizani ya fomu pa Mpamba. Koma musaiwale kuti si onse ali ndi foni ya intaneti, amayi ambiri olimbikira ntchito ali ndi kafoni ka mabatani kapena alibiretu, ndiye uthenga womwewo upitenso ku tchalitchi, ku mzikiti, kwa amfumu, ku banki mkhonde, ndi papepala pa msika wa Limbuli kapena Bvumbwe tsiku la msika.

Pa ntchito zaluso yang'ananinso kwa ana omwe aphunzira za manja kudzera ku TEVETA, ambiri amasowa pochitira atachimenti (miyezi yophunzira ntchito ali pamalo a ntchito) ndipo miyezi imeneyo ndi mpata wanu womuona munthu musanamulembe. Ku Thyolo kuli yunivesite ya MUST pa Ndata, ophunzira ake pa holide atha kukukonzerani kaundula wa katundu pa kompyuta kapena tsamba la bizinesi pa intaneti, ntchito ya milungu iwiri yoti simukufunika kulembera munthu wa mwezi ndi mwezi. Izinso ndi zatsopano zomwe tikuyenera kuzolowera, ntchito zina pano ndi zogula ngati ganyu ya luso, wowerengera ndalama wanga amakhala ku Limbe, ndimamutumizira zithunzi za malisiti pa foni, timaonana maso ndi maso mwina kanayi pachaka.

Intaviyu isakhale yongocheza. Satifiketi ya MSCE ndi yabwino koma siiphika nsima. Wofuna ukuki mpatseni ufa, ndiwo ndi mbaula. Wofuna pa kauntala mpatseni foni alandire ndalama pa Airtel Money, atsimikize kuti uthenga walowadi osati wabodza uja amatumiza akuba, alembe lisiti, abweze chenji. Ine ndimaonjezanso kamodzi, ndimamuuza ayankhe uthenga wa mlendo wofunsa mtengo wa chipinda ndi njira yochokera ku Blantyre, chifukwa masiku ano alendo ambiri amayamba kukupeza pa foni asanaone nkhope yako, ndipo yankho lochedwa kapena lamwano ndi chipinda chogona chopanda munthu. Tsiku loyesererali mulipireni, olo simumulemba. Onani chiphaso cha unzika, osati kuti mumusunge nacho ayi, chiphaso ndi chake, koma muone zaka. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba mwana wosakwana zaka 14, ndipo wosakwana 18 saloledwa ntchito zoopsa ngati kupopera mankhwala kapena zomusokoneza sukulu. A tiyi mukudziwa kale kuti ogula amaiyang'anitsitsa nkhani imeneyi, munda umodzi ukapezeka ndi ana gulu lonse limavutika.

Mukamulemba, pepala. Ndikudziwa ambiri timati tonse ndi apachibale, timapemphera limodzi, pepala la chiyani. Koma mikangano yonse yomwe ndaionapo ikufika ku leba ofesi pa boma imayamba ndi mawu oti tinagwirizana pakamwa. Tsamba limodzi lokha la Chichewa likukwana: dzina, ntchito, tsiku loyamba, malipiro ndi tsiku lolandira, maola, tsiku lopuma, ndipo ngati ndi wa sizoni tsiku lomwe kontilakiti ikutha. Asaine, inu musaine, aliyense atenge lake. Zina zomwe lamulo limanena ndi bwino kuzidziwa pamtima. Maola a ntchito pa sabata ndi 48, opitirira apo ndi ovataimu. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa wogwira masiku 6 pa sabata, 15 kwa wogwira masiku 5. Mayi woyembekezera ali ndi milungu 8 yolipidwa kamodzi pa zaka zitatu, ndipo kuyambira 2021 abambo nawonso ali ndi milungu iwiri. Nthawi yoyeserera kwa antchito aluso siipitirira miyezi 12, ine ndimaika itatu, munthu ukakhala naye miyezi itatu wamudziwa. Ndipo simungangomuuza munthu kuti usabwerenso mawa, pakhale chifukwa chomveka ndipo mumupatse mpata wodziyankhira, apo ayi mudzakumana ku khoti la milandu ya ntchito la Industrial Relations Court. Za penshoni, wolemba ntchito amaika 10 peresenti wantchito 5 peresenti, pitani ku leba ofesi akuuzeni antchito anu ati akugwa mmenemo, safunsa anadya phula.

Malipiro ochepetsetsa omwe boma limakhazikitsa nawo akusintha pafupipafupi, anali K50,000 pamwezi mu 2021, anafika K90,000 mu 2024, ndipo anakweranso mu 2025, komanso pamakhala magulu osiyana monga antchito apakhomo ndi mabizinesi ang'onoang'ono. Nde popanga bajeti ya chaka musaike salale ngati mwala wosasuntha, siyani mpata woti ikwera pakati pa chaka, ndipo mitengo ya katundu wanu iziganiziranso zimenezo. Kuli bwino kukhala ndi anthu anayi olipidwa bwino ndi pa nthawi yake kusiyana ndi asanu ndi awiri omwe mukuwazemba pa 30. Pa zonse zomwe ndayesa kuti anthu akhalitse, palibe choposa tsiku lolandira losasuntha. Ine ndi pa 27, kaya kunali alendo kaya kunalibe, ndalama ya salale ndimayamba kuipatula sabata yoyamba ya mwezi. Ndimalipira pa foni chifukwa umboni umatsala mbali zonse, ndipo ndimaonjezera kandalama kotapira kuti munthu alandire yathunthu, musamusiyire wantchito mtengo wa njira yomwe mwasankha ndinu. Amene akufuna kashi mpatseni kashi asaine m'kope.

Adivansi ikonzereni lamulo lake isanakupezeni. September sukulu zikamatsegulira, November nthawi ya feteleza, ndi January February njala ikafika pachimake, aliyense adzabwera. Mukakana onse apita kwa akatapila ndipo mutu wawo sukhalanso pantchito, mukavomera onse mwachisawawa inuyo mugwa. Ine ndinaika malire, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a salale, kubweza miyezi iwiri, popanda chiwongoladzanja, ndipo zimalembedwa.

Chinanso chomwe chasintha, anthu pano amafunsa za nthawi yawo, ndipo ali ndi ufulu kutero. Mtsikana wina akuphunzira kalasi ya madzulo kuti abwereze MSCE, bambo wina akufuna mmawa wa masiku atatu mu December akadzale, mayi wina mwana wake ali ku sikelo Lachinayi. Kale tinkati ntchito ndi ntchito. Pano ine ndimapachika mashifiti a sabata yonse pakhoma Lamlungu madzulo ndi kuwatumizanso pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo awiri akagwirizana kusinthana ndimalola bola andiuze dzulo lake. Sizinditengera olo tambala koma zasunga anthu omwe esiteti ikanawatenga. Gulu la WhatsApp lomwelo musalisandutse chikwapu chotumizira mauthenga 11 koloko usiku kapena kukalipira munthu pamaso pa anzake, zokalipira ndi za pawiri.

Pali nkhani ina yomwe sindingaidumphe chifukwa kuno kwathu yapweteka amayi ambiri. Ngati mwapatsa kapitawo kapena manejala mphamvu yolemba ndi kuchotsa anthu a sizoni yekha, mwamupatsa mpeni. Tonse tamvapo za amayi ouzidwa kuti ukafuna dzina lako likhalepo sizoni ino tionane madzulo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa zimenezi, koma lamulo silikhala kumunda, kumunda kumakhala inuyo. Mndandanda womaliza wa olembedwa uzidutsa mmanja mwanu, ndipo pakhale munthu wamkazi wodalirika yemwe amayi angamuuze zinthu osaopa kuchotsedwa. Mukamva, chitanipo kanthu tsiku lomwelo olo wolakwayo akhale mphwanu.

Konzekeraninso zadzidzidzi. Namondwe Freddy mu March 2023 anatiphunzitsa kuti milatho itha kupita usiku umodzi, anthu anga atatu okhala kutsidya kwa mtsinje sanathe kufika kwa masiku ambiri, wina nyumba inagwa. Kuyambira pamenepo ndimaonetsetsa kuti pa shifiti iliyonse nthawi yamvula pali mmodzi wokhala pafupi woti atha kubwera wapansi, ndipo ndili ndi nambala ya wachibale wa wantchito aliyense. Ndimasunganso padera ndalama yokwana salale ya mwezi umodzi, siyikhudzidwa olo firiji itafa, chifukwa mwezi womwe bizinesi yaima ndi womwewonso antchito akufunitsitsa ndalama.

Munthu akati akuchoka, musamutukwane. Khalani naye pansi mumufunse chomwe chamuchotsa, nthawi zambiri pamenepo ndi pomwe amalankhula zoona zomwe ankaopa kunena, mwina mupeza kuti vuto si ndalama koma mnzake wina kapena ulendo wa usiku wobwerera kunyumba. Mpatseni zake zonse ndi kalata yomuchitira umboni. Atsikana ndi anyamatawa amauzana pa foni bwana wabwino ndi woipa, mbiri yanu imafika ku Goliati inu musanafikeko, ndipo ena amabwerera. Kuki uja wa ku Joni anabwera patatha chaka ndi theka, malo ake anali atapita, koma pa Mulhako ndi pa Khrisimasi ndimamuitana kudzathandiza ndipo amabwera ndi maphikidwe ena atsopano omwe anaphunzira kumeneko.

Ngati simunayambe mwapangapo zonsezi, sabata ino ingopangani kalendala ija ndi kulemba pambali pa dzina la wantchito aliyense munthu yemwe angagwire ntchito yake atadwala mawa. Pomwe pasowe dzina ndi pomwe muyambire kuphunzitsa. Kwanga pakadali mpata pa mlonda wa usiku, ndipo Lachitatu likubwerali ndikukamba ndi mnyamata wosamala maluwa ngati angafune kumagwirako mausiku awiri pa sabata ndi malipiro ake apadera.